Fungo la jinja kuseri kwa Limbe

Mwezi wathawu ndinapita ku Limbe kukasaka batire la foni, ndipo miyendo inanditengera yokha ku kamsewu kena kotsetsereka komwe ndinasiya kalekale kudutsako. Nyumba ija ndinaipeza ilipo, koma chitseko chofiira anachizula n'kuikapo chachitsulo. Mkati munadzaza anyamata, maso ali pa kanema, aliyense kapepala kali m'manja, akubetcha mpira wa ku England. Pakona pomwe pankakhala mphika wa msuzi pali furiji ya zakumwa. Ndinafunsa mayi wogulitsa nthochi pakhonde ngati akukumbukira kuti muno munali malo odyera a Matchaina. Anapukusa mutu n'kunena kuti iwo anapeza muli kale shopu ya matayala.

Eni malowo anali nkhalamba ziwiri, bambo ndi mayi, ochokera ku Taiwan, ngakhale kuti tonse tinkangoti Matchaina. Za kusiyana kwa Taiwan ndi China zinali za akuluakulu omvera nkhani pa wailesi. Dziko lathu linali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966, ndipo alangizi awo ankaphunzitsa anthu kulima mpunga m'masikimu a mthirira. Anthu ankati bambo aja anabwera ndi gulu limenelo n'kungokhazikika. Ife ana a ku Bangwe tinkawadziwa Matchaina kudzera m'mafilimu a Bruce Lee ndi Jackie Chan, omwe tinkaonera m'tizinyumba ta vidiyo titakhala pa mabenchi a matabwa. Choncho malume anga atapeza ntchito ya ukhukhi kumeneko, funso langa loyamba linali lakuti kodi abwana awowo amatha kulumpha mpanda. Malume anaseka mpaka kutsokomola. Anati madalawo ngakhale kukwera sitepe amachita kugwira khoma.

Zaka zomwe ndimazikumbukira bwino ndi zoyambira 1994, pamene dziko linali litangolowa m'ndale za zipani zambiri ndipo aliyense ankalankhula mokweza m'basi. Loweruka mayi ankandituma kukapereka uthenga kwa malume, kapena kukatenga kangachepe ka chigayo, ndipo ine ndinkaonetsetsa kuti ndafika nthawi yokanda ufa. Ndinkalowera khomo lakuseri, kudutsa pa migolo ya madzi ndi matumba a makala. Fungo ndi limene linkayamba kundilonjera: jinja, adyo, anyezi wamasamba, ndi msuzi wa ng'ombe womwe unkakhala pamoto kuyambira mbandakucha. Mumsuzimo ankaponyamo mafupa, nyama ya m'miyendo, msuzi wakuda wa soya, ndi kokometsera kena kouma kooneka ngati nyenyezi. Palibe ankaloledwa kuvundukula mphikawo kupatula amayi aja.

Koma chomwe chinkandisunga pamenepo mpaka dzuwa kupendeka chinali kuumba timitanda tomwe eni ake ankati jiaozi. Ufa wa tirigu, madzi ndi mchere pang'ono, basi. Malume ankakanda mpaka mtanda kusalala, n'kuuphimba ndi kansalu konyowa kuti upume. Kenako ankaupota kukhala chingwe chachitali, n'kumadula timapisi tating'ono. Kapisi kalikonse ankakapsinja ndi chikhatho, dzanja limodzi likugubuduza kamtengo, linalo likuzunguza mtandawo, mpaka kukhala kozungulira, kopyapyala m'mbali koma kokhuthala pakati. Amayi aja ankalandira, kuika kasipuni ka nyama yogaya yosakaniza ndi tchainizi wofinya madzi, n'kupinda. Zala zawo zinali zopindika ndi ukalamba, koma zinkatsina timakwinya tofanana ndendende, maso ali kwina, akukalipira mnyamata wotsuka mbale. Ine atandipatsa kuti ndiyese, kanga kanatuluka kotupa mimba, kakudontha. Anakaponya mumphika momwemo n'kunena m'Chichewa chawo chodukaduka kuti, "Iwe panga, iwe idya."

Kuphika kwake kunali kwa mitundu itatu. Tina ankatiwiritsa, ndipo madzi akabwata ankathiramo kapu ya madzi ozizira, kudikira abwatenso, n'kuthiranso, kuti nyama ipse chikopa chisanang'ambike. Tina ankatiphika ndi nthunzi m'timadengu ta nsungwi tosanjikiza. Tomwe ndinkatikonda ine ndi tokazinga pansi pokha: ankatindanda m'chiwaya cha mafuta pang'ono, pansi pakafiira n'kuthira madzi, kuvundikira msanga, chiwaya chili chwee. Ukaluma, pansi pankati khuthyu, pamwamba pali pofewa, ndipo msuzi wotentha unkakuotcha lilime ngati uli wadyera. Malume ankangoti, "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Tinkaviika mu viniga wosakaniza ndi soya, kuwonjezera mafuta a tsabola omwe madala aja ankapanga okha ndi kambuzi wa pamsika wa Limbe. Iwo ankalumbira kuti kwawo kulibe tsabola wonunkhira choncho.

Manudozi nawonso anali apamanja. Mtanda ankaufutukula patebulo lonse, kuwaza ufa, kuupinda kangapo, n'kumadula ndi chimpeni chachikulu chamakona anayi. Sankafanana kukula kwake, ndipo ndicho chinkakoma. Munthu akaitanitsa mbale, ndiye kuti ayambe kukuwiritsira iweyo, palibe zopakula za m'mawa. Unkadikira, ndipo podikirapo ankakuikira tiyi wopanda shuga, wopanda mkaka, m'kakapu kopanda chogwirira. Kwa ife okulira pafupi ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo, ameneyu anali madzi otentha chabe, koma tinkamwa mwaulemu.

Kudikirako ndi kumene kunkadzetsa macheza. Matebulo anali ochepa, moti anthu ankakhalira limodzi osadziwana. Pankabwera makalaliki a kunjanji, aphunzitsi malipiro akatuluka, amwenye a m'mashopu, ndi ena a ku Taiwan ogwira ntchito m'mafakitale osoka zovala. Asilamu, omwe ku Limbe ndi ambiri, anali ndi poto wawo wosakhudza nkhumba, ndipo malume ankamulondera potoyo kuposa ndalama za m'kabati. Amayi aja ankadziwa amene sadya tsabola, amene mkazi wake wangochira kumene, ndi amene ali ndi ngongole ya mwezi watha. Kabuku ka ngongole kankalembedwa m'zilembo za kwawo, choncho panalibe wokana kapena wotsutsa. Ukalephera kugwira timitengo tiwiri todyera tija, madala ankabwera kudzakukonza zala, ndipo ukalepherabe ankakubweretsera foloko mosakuchititsa manyazi.

Bambo anga anadyako tsiku lomwe mchemwali wanga anakhoza mayeso a Sitandade 8. Anavala jekete, anamaliza mbale yonse ya manudozi, anamwa ndi msuzi womwe, anathokoza eni malo ndi manja awiri. Titangofika kunyumba anauza mayi kuti ateleke madzi a nsima, chifukwa iwo sangagone ndi njala. Nkhaniyi imakambidwabe pamaliro ndi paukwati pa banja lathu.

Nyengo yokoma koposa inali ya chaka chawo chatsopano, chomwe chimagwa mu Januwale kapena mu Febuluwale. Kwathu kuno imeneyo ndi miyezi yomwe nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chikadali kumunda. Tsikulo ankatseka chitseko chakumaso, n'kuitana antchito onse ndi ana awo. Tinkazungulira tebulo, aliyense akuumba, mvula ikugunda malata. Mwana aliyense ankalandira kaenivelopu kofiira kokhala ndi kandalama mkati. Tinkadya mpaka kumasula batani, ndipo zotsala ankatikulungira kuti tikapatse amayi athu.

Kenako zinthu zinatembenuka. Kumapeto kwa 2007 boma linasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi China, ndipo nkhaniyi inalengezedwa mu Januwale 2008. A ku Taiwan ambiri analongedza, kuphatikizapo madokotala omwe ankathandiza pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe dziko lawo linamanga. Nkhalamba zathu zija zinali zitatopa kale, ndipo ana awo ankaziitana. Zinagulitsa mipando, n'kusiyira malume chimpeni chija ndi kamtengo kofutukulira mtanda. Zotsatira za ubale watsopano ndi China aliyense akuzidziwa: nyumba ya malamulo ku Lilongwe yomwe inatsegulidwa mu 2010, msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, yunivesite ya ku Ndata, bwalo la masewero la Bingu. Mashopu a Matchaina anafika mpaka m'maboma, moti amalonda athu anadandaula, ndipo mu 2012 panabwera lamulo lobweza amalonda akunja m'mizinda ikuluikulu.

Chodabwitsa n'chakuti pamene Matchaina anali owerengeka, ine mwana wa ku Bangwe ndinkadya nawo patebulo limodzi. Lero achuluka, katundu wawo ali m'nyumba iliyonse kuyambira tochi mpaka ndowa, koma timangokumana nawo polipira. Malo odyera awo alipo, akuluakulu, a mipanda ndi alonda, a nyali zofiira ndi matebulo a galasi lozungulira. Kukhitchini sukuonako, wophika sumudziwa, ndipo mtengo wa mbale imodzi umakukumbutsa kuti kwacha inagwa kangati. Ena amangoitanitsa pa WhatsApp, wakabaza n'kubweretsa m'kabokosi ka pulasitiki zitazizira, timitanda titamatirirana. Ana anga akamati akudya manudozi amanena kapaketi ka m'golosale kothira madzi otentha, kopsa asanamalize kutsuka mbale yodyera.

Ndisanamizire kuti kale zonse zinali bwino. Malume ankaima kuyambira m'mawa mpaka usiku, malipiro ake osafika pakati pa mwezi, ndipo mikono yawo ili ndi zipsera za mafuta mpaka lero. Amayi aja akapsa mtima ankakalipa moti ndi oyenda pamsewu omwe ankamva. Anthu ambiri a kwathu sanalowemo n'kamodzi komwe, pomwe kapaketi ka lero kamafika ngakhale kwa mwana wasukulu yogonera komweko amene ali ndi ketulo chabe. Zonsezi ndikuzivomereza. Komabe amayi okalipa omwewo ndi amene anabwera kudzakhala pansi pa mkeka tsiku la maliro a agogo, atavala chitenje chomangidwa mokhota, atanyamula poto wa msuzi. Kapaketi sikadzachita zimenezo.

Luso lija silinakwere ndege lonse. Lili m'manja mwa madala angapo amene anaphika m'makhitchini oterewa, ndipo mmodzi mwa iwo ndi malume, omwe ali kumudzi ku Chiradzulu, akulima nandolo. Pa Khirisimasi malume amagula ufa wa tirigu, kutulutsa kamtengo kaja, n'kuumba jiaozi wa nkhuku yachikuda ndi nkhwani, zidzukulu zitawazinga. Palibe mwa ana awo amene anaphunzira, poti onse amati n'zotaya nthawi. Choncho mnyamata kapena mtsikana amene akulota zotsegula kamalo kodyera kotere ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku Kawale asavutike ndi kufunsa za tikiti ya ku Guangzhou. Akwere minibasi pa Limbe, anyamule ufa, jinja ndi paketi ya shuga ya mphunzitsi, ndipo apite chaka chino, chifukwa mphunzitsiyo maso ayamba kuchita chidima ndipo sachedwa kukwiya ndi wophunzira waulesi.