Kuona maso a nkhono n'kudekha

Zomba
31 Ogasiti 2025

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Ndikulemba kalata ino usiku, amayi ako atagona kale. Sutikesi yako yaima pakhomo la chipinda, ndipo Lachitatu tikukuperekeza ku Chileka. Za sukulu, za pemphero ndi za khalidwe tinakambirana kale pakhonde, amalume ako ali pomwepo. Yatsala nkhani imodzi imene sindinafune kuyankhula pagulu, ya kope lako lobiriwira lija.

Unandionetsa tsamba limene walembapo mizinda yoti ukaone pa tchuthi cha Khirisimasi: Paris, Amsterdam, Berlin, Rome, Barcelona, Lisbon, London ndi ina iwiri. Mizinda 9 m'masiku 14. Mtima wanga unakondwa poona kuti zimene ndinkaphunzitsa pa bolodi zaka zonse zija iwe ukufuna kukaziona ndi maso. Komabe ndinachita mantha, pakuti tsamba limenelo ndinalizindikira. Inenso ndinalembapo lotere.

Mu 1998 ananditumiza ku The Hague ku maphunziro a aphunzitsi a miyezi itatu. Atatipatsa masiku asanu opuma, ndinati ndiponde mizinda inayi. Usiku ndinkagona m'basi, m'mawa n'kutsika maso ali psuu, kujambulitsa chithunzi, kenako n'kuyamba kufunsa njira ya kusiteshoni. Yuro kunalibe nthawi imeneyo, choncho dziko lililonse ndinkasintha ndalama, ndipo posintha paliponse zinkachepa. Lero ukandifunsa za mizinda itatu yoyambayo, ndikumbukira masiteshoni okha. Wachinayi unali Cologne. Ndinafika ndalama zitandithera, moti ndinalibe kolowera koposa tchalitchi chachikulu chimene chaima pakhomo penipeni pa siteshoni. Ndinakhala m'menemo tsiku lonse. Nkhalamba ina inandifotokozera kuti anayamba kumanga mu 1248 n'kudzamaliza mu 1880, zaka 632, ndipo amene anaika mwala woyamba ankadziwa kuti denga sadzaliona. Ndinaona dzuwa likusuntha m'magalasi a mazenera kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Patha zaka 27, koma tsiku limenelo ndikadali nalo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, mwana wanga. Chotsa mizinda yambiri pa tsamba lako kuti yotsalayo ukaionedi.

Yambira pafupi. Dziko la Belgium kukula kwake n'chimodzimodzi chigawo chathu cha kummwera, ndipo sitima zimafika pafupifupi paliponse. Mzinda wa Leuven umene ukukakhalawo si wamba: yunivesite yako inakhazikitsidwa mu 1425, ndipo laibulale yake inatenthedwa ndi asilikali a Germany mu Ogasiti 1914. Masabata oyamba uyende wapansi m'menemo mpaka udziwe kumene kumatsika mtengo buledi ndi masamba. Ukazolowera, Loweruka lina ukwere sitima ya mphindi zosakwana 30 ukaone bwalo la Grand-Place ku Brussels. Loweruka lina upite ku Ghent kapena ku Bruges, mizinda ya ngalande za madzi, n'kubwerera kukagona pabedi pako. Maulendo a tsiku limodzi otere ndiwo adzakuphunzitse kuwerenga ndandanda ya sitima ndi kusochera popanda kuvulala.

Uchenjere ndi mayina. Ku Leuven amayankhula Chidatchi, kummwera kwa dzikolo Chifalansa, ndipo mzinda umodzi umakhala ndi mayina awiri. Liège ndi Luik, Mons ndi Bergen, Ypres ndi Ieper. Leuven pa Chifalansa ndi Louvain, koma Louvain-la-Neuve ndi tawuni ina ndithu. Ku Brussels masiteshoni akuluakulu alipo atatu, ndipo sitima zothamanga za ku Paris ndi London zimanyamukira pa Midi, imenenso imalembedwa Zuid. Ukakayika funsa. Safunsa anadya phula.

Pali malo awiri pafupi nawe amene ndikukupempha usawalumphe, ngakhale anzako atati sakoma pachithunzi. Oyamba ndi Tervuren, pakati pa Leuven ndi Brussels, kumene kuli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu za ku Africa. Chiyambi chake n'chionetsero cha 1897, pamene Mfumu Leopold II inabweretsa anthu a ku Congo kuti azionetsedwa kwa khamu ngati nyama za m'khola. Asanu ndi awiri anamwalira, ndipo manda awo ali pambali pa tchalitchi cha m'tawunimo. Ukaone zosema ndi ng'oma za m'nyumbamo, uwerenge mmene zinafikira kumeneko, kenako ukaime pamandapo mwaulemu monga timachitira kwathu. Achiwiri ndi Ypres. Pa chipata cha Menin Gate palembedwa mayina opitirira 54,000 a asilikali amene mitembo yawo sinapezeke pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo madzulo alionse 8 koloko amaliza lipenga lowakumbukira. Nkhondo imeneyo ndi yomwe ija ya chipilala cha asilikali a KAR kuno ku Zomba, chimene wakhala ukuchidutsa kuyambira uli wakhanda, yomwenso John Chilembwe anaidandaula m'kalata yake ya 1914 poona anthu akuda akukafera nkhondo ya eni. Ukagone komweko usiku umenewo kuti usamvere lipenga maso ali pa wotchi.

Tsopano za tchuthi chako. Mu Disembala kumeneko dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, kumazizira, ndipo kawirikawiri kumawaza mvula. Tsiku ndi lalifupi, choncho masiku 14 ndi a mizinda iwiri, ikachuluka itatu. Ine ndikadati Paris masiku anayi, ubwerere upume, kenako Cologne kapena Amsterdam masiku atatu. Kuchoka ku Brussels kufika ku Paris ndi mtunda wonga wa Blantyre ndi Lilongwe, koma sitima imautha m'ola limodzi ndi theka losakwana. Kufulumira kumeneku n'kumene kumanyenga alendo. Amaiwala kuti tsiku losamuka limadyedwa ndi kulongedza, kudikira, kufunafuna kogona ndi kutopa. Powerenga masiku, tsiku la ulendo usaliwerengere ngati loona malo.

Ukasankha mzinda, lemba chinthu chachikulu chimodzi pa tsiku, uchione m'mawa mutu uli bwino. Masana usiye opanda ndondomeko. Ku Paris, nyumba yosungiramo zojambula ndi zinthu zakale ya Louvre imatseka Lachiwiri, pamene Musée d'Orsay ndi nyumba yachifumu ya Versailles zimatseka Lolemba, ndiye sanja masiku ako moganizira zimenezo. Louvre sungaimalize ngakhale utapatsidwa sabata. Sankhiratu zipinda zochepa, ndipo utenge khadi lako lokhalira m'dzikomo, chifukwa achinyamata osakwana zaka 26 okhala m'mayiko a mgwirizano wa Ulaya amalowa ulere. Tchalitchi cha Notre-Dame, chimene chinapsa mu Epulo 2019, anachitsekulanso mu Disembala 2024, ndipo kulowa salipiritsa. Nsanja ya Eiffel imaoneka bwino uli tsidya lina la mtsinje, pa Trocadéro, popanda kutulutsa kakobiri. Madzulo ena ungoyenda m'mbali mwa mtsinje wa Seine osathamangira kulikonse. Ku Amsterdam, matikiti a nyumba ya Anne Frank amagulitsa pa intaneti pokha ndipo amatha masabata angapo tsiku lisanafike, choncho uyambe wapeza tikitiyo usanalipire sitima. Rome, Barcelona ndi Lisbon uisungire nyengo yotentha, pamene mu Juni kumada mochedwa. Mizinda imeneyi yaima zaka mazanamazana, ikudikira.

Mapepala ndiwo moyo wa mlendo. Chilolezo chako chokhalira ku Belgium chimakulola kuyenda m'mayiko ena a Schengen mpaka masiku 90 pa masiku 180 alionse. Nthawi zambiri pamalire sipakhala chipata, koma apolisi amakwera sitima n'kufunsa zikalata, ndipo munthu wakhungu lathu amafunsidwa kawirikawiri kuposa ena. Zikakuchitikira usapse mtima, usanjenjemerenso. Tulutsa pasipoti ndi khadi lako, uyang'ane munthuyo kumaso, uli ndi ufulu wokhala pamenepo. Usanyamuke ku Belgium khadilo lisanatuluke. London uichotse pa tsamba la chaka chino, chifukwa Britain sili mu Schengen, Ireland chimodzimodzi, ndipo kumeneko kumafunika viza yakeyake yofunsiratu nthawi ikadalipo. Ukadzaipeza, usadzathere ku London kokha. Udzakwere sitima mpaka ku Glasgow, ukaone Blantyre wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, m'chipinda chimodzi cha banja la anthu ogwira ntchito pafakitale ya thonje. Jambula pasipoti ndi zikalata zonse, usunge pa foni ndi papepala, utitumizirenso ife. Ofesi ya kazembe wathu ili ku Brussels komweko, ulembe nambala yake m'kope. Nambala ya ngozi ndi 112, ndipo imagwira m'mayiko onse a mgwirizano wa Ulaya.

Za ndalama, tsegula tsamba latsopano ulembe mizere isanu: mayendedwe, kogona, chakudya, zolowera, ndi ya mwadzidzidzi. Ya mzere wachisanu usaikhudze pokhapokha zitavuta, ndipo ikhale yokwana kukubwezera ku Leuven kuchokera kulikonse. Matikiti a sitima zothamanga amakwera mtengo tsiku likamayandikira, ndiye gula msanga. Basi ndi yotsika mtengo koma imadya maola. Ndege zotchipa uziwerengere bwino: chikwama amalipiritsa padera, ndipo mabwalo ena ali kutali ndi mzinda umene atchula dzina, monga Beauvais, makilomita oposa 80 kuchokera ku Paris. Ukaphatikiza zonse, nthawi zina sitima ndiyo imapambana. Pogona sankha hositelo yokhala ndi zipinda za akazi okhaokha ndi khitchini, pafupi ndi siteshoni ya basi kapena sitima. Gula buledi, tchizi ndi zipatso m'sitolo, madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ndipo pa tsiku udye chakudya chimodzi cha eni dziko utakhala pansi. Ku Germany masitolo ambiri satsekula Lamulungu, uguliretu Loweruka. Ngongole yoti ukajambulitse chithunzi usatenge, ndipo ndalama ya fizi ndi ya lendi isakwere nawe sitima. Ubwerere kutatsala tsiku lathunthu sukulu isanatsekulidwe, pakuti kumenekonso ogwira ntchito za sitima amachita sitiraka.

Galimoto kumeneko zimayenda kudzanja lamanja. Thupi lako linazolowera kuyang'ana kumanja poyamba, tsopano uliphunzitse kuyamba kumanzere. Ku Leuven ndi ku Amsterdam njinga zili ndi msewu wawo ndipo siziima. Pamalo odzaza alendo, chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba lakumbuyo. Munthu wokuimitsa kuti usayine pepala, kapena wofuna kukumanga kachingwe padzanja, umudutse mwaulemu. Katundu wa munthu wina usanyamule podutsa malire, ngakhale akhale Mmalawi mnzako wolankhula bwino. Ku Amsterdam malo olembedwa kuti coffeeshop amagulitsa chamba, tiyi ukamwere kwina. Usafike mumzinda wachilendo pakati pa usiku, ndipo tsiku lililonse pakhale munthu mmodzi wodziwa kumene wagona.

Anzako oyenda nawo uwasankhe monga umasankhira nsapato za ulendo. Awiri kapena atatu akwana. Mugwirizane za ndalama musananyamuke, chifukwa ubwenzi wambiri umathera pa bilu ya chakudya.

Ulemu umene tinakuphunzitsa ndi chuma chimene sichilipitsidwa msonkho pabwalo la ndege. Ku France ukalowa m'sitolo yamba ndi moni wa bonjour usanafunse kanthu, monga sungalowe pakhomo la munthu osaodira. Dziko lililonse uphunzireko moni, zikomo ndi pepani. M'tchalitchi uvale modzilemekeza ndipo utsitse mawu, popeza ena abwera kudzapemphera. M'sitima anthu amakonda bata, foni uyankhule motsitsa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Anthu ambiri amene udzakumane nawo sanaonepo Mmalawi, ena sadziwa n'komwe kumene dziko lathu lili. Uwafotokozere mosachita manyazi za nyanja, za phiri la Mulanje ndi za chambo. Ndipo poona nyumba zawo zazitali usadzione wochepa. Uzifunsa kuti anamanga ndani, ndalama zinachokera kuti, nanga amazisamala bwanji kuti zikhale zaka zonsezi. Mayankho ake ndiwo katundu amene tikufuna udzabwere naye.

Kope lobiriwiralo upite nalo. Madzulo alionse a ulendo ulembemo mizere ingapo: chimene waona, munthu amene wayankhula naye, chimene chakudabwitsa. Zithunzi utumize, amayi ako azidikira, koma uyambe waona ndi maso ako foni isanaone. Ukadzafika ku Cologne, ulowe m'tchalitchi muja, ukhale pabenchi lakumbuyo ola lathunthu osachita kanthu, kenako undilembere zimene waona.

Pita bwino, mwana wanga. Yenda pang'onopang'ono, uone zochepa koma uzionetsetse, ndipo udzabwere kudzatifotokozera pakhonde pano. Mulungu akutsogolere popita ndi pobwera.

Ndine bambo ako okukonda.