Ulendo Wathu wa ku Kabula

Anzanga owerenga, ndifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda ife anyamata anayi a Fomu 3 pa tchuthi chapitachi, kukaona mzinda wa Blantyre, umene akuluakulu amautcha Kabula. Ena a inu munabadwira komweko, ndipo mudzaseka pakumva kuti mnyamata wamkulu ngati ine ndinali ndisanapondeko chibadwire. Sekani ndithu, koma muwerenge kufikira pa mapeto, pakuti kapena chimene ndinakaona ine inu simunachione, chinkana mumadutsa pomwepo masiku onse.

Poyamba ndiulule mlandu wanga. Bambo anga amaumba njerwa. Chaka ndi chaka mvula ikatha, iwo amakumba dothi la pachulu, naliponda ndi mapazi, naliika m'chikombole, nayanika njerwazo pa dzuwa. Ndipo zikauma amazisanja mu uvuni ndi kuziotcha usana ndi usiku. Yunifolomu yanga, nsapato zanga ndi makope anga, zonsezi zimachokera m'matope amenewo. Koma pamene ndinafika pa sukulu pano, anzanga atandifunsa za ntchito ya bambo anga, ndinayankha kuti iwo ndi kontilakita wa zomangamanga. Bodza limeneli ndinakhala nalo zaka zitatu, kufikira ndinalizolowera ngati malaya akale.

Mmodzi wa ife ali ndi amalume ake ku Ndirande, ndipo amaudziwa mzinda. Tsono ameneyo tinamusankha kuti akhale mtsogoleri wathu. Tinapangana kukomana pa boma la Mulanje tsiku Lachitatu m'mamawa. Usiku wa Lachiwiri bambo anandiitana pa khonde, namasula kansalu kamene amasungiramo ndalama, nati, "Tenga, mwananga, ukaone zimene anzako amaona. Ine ndinangodutsako kamodzi pa lole, usiku, ndipo ndinaona magetsi okha." Amayi anandiphikira chinangwa kuti chikhale kamba wa pa njira. Ine ndinagona maso ali gwa, ndipo tambala woyamba analira ndili chivalire.

Tinakwera minibasi yodzera ku Luchenza ndi ku Thyolo. Phiri la Mulanje linatsalira m'mbuyo, ndipo tinalowa pakati pa minda ya tiyi yobiriwira mbali zonse, m'mene anthu anali atayamba kale kutchola masamba, madengu ali kumsana. Titapitirira Bvumbwe, tinaona m'mbali mwa msewu amuna atatu ali kuumba njerwa, matope ali mpaka m'mawondo. Pamenepo mnzathu wina, amene sasowa nthabwala pakamwa, analoza pa zenera nati, "Taonani, anyamata! Mukadzalephera mayeso a Fomu 4, ofesi yanu ndi imeneyo." Tonse tinaseka, ndipo amene anaseka koposa ndine. Koma dzanja langa linali m'thumba, litagwira ndalama zija, ndipo mtima wanga unandilasa.

Tinatsikira ku Limbe. Ha, phokoso lake! Oitanira minibasi, ogulitsa malonda, magalimoto oliza malipenga, zonse nthawi imodzi. Mtsogoleri wathu anatiuza kuti kale Limbe ndi Blantyre anali matauni awiri, ndipo anawaphatikiza m'chaka cha 1956. Ine sindinamvetsere bwino, pakuti ndinali kuganiza za kaolokedwe ka msewu. Katatu konse ndinaponya mwendo ndi kuubweza, kufikira mtsogoleriyo anandigwira dzanja ngati mwana wa Sitandade 1, natioloketsa tonse.

Kuchokera ku Limbe tinakwera minibasi ina pa msewu waukulu umene unatchulidwa dzina la Masauko Chipembere, mmodzi wa omenyera ufulu wa dziko lino. Tinatsikira pa Chichiri. Pamenepo tinaona chipilala cha ufulu chimene chinatangadza msewu, ndiponso bwalo la Kamuzu Stadium, pamene mbendera ya Malawi inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964. Zinthu izi tinaziwerenga m'kalasi, koma kuima pomwepo ndi mapazi ako ndi kwina ndithu. Tinalowanso m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Chichiri, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1966. Pabwalo pali mutu wa sitima yakale ya pamtunda, yoyendera moto ndi nthunzi, ndipo tinajambulitsa pomwepo pa foni ya mtsogoleri wathu. M'kati tinaona mauta, mikondo, ng'oma ndi ndalama zakale. Koma titafika pa zinthu za nthawi ya ukapolo, zimene ankamangira nazo makolo athu powatengera ku nyanja yamchere, ngakhale wanthabwala uja anakhala chete.

Pofuna kusunga ndalama tinatsetsereka wapansi. Tinadutsa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amangoti Kwinzi, ndiponso sukulu ya ukachenjede imene kale inali Polytechnic koma tsopano amaitcha MUBAS. Patsogolo pake tinapatuka kukaona nyumba ya Mandala, imene inamangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya malonda ya African Lakes. Ndi nyumba yosanja, ya khonde lalikulu, ndipo ndiyo yakale koposa mwa nyumba za Azungu zimene zikali chiimire m'dziko muno. Dzina lake lili ndi nkhani: mmodzi wa akulu a kampaniyo, John Moir, ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwake anamutcha Mandala. Mzungu uja anapita kalekale, koma dzina limene makolo athu anamupatsa lidakalipo pa nyumba, pa msewu ndi pa dera lonselo.

Dzuwa lili pamutu tinalowa mu Victoria Avenue, pakati penipeni pa mzinda. Apa ndipo pamene maso anga anakhuta. Nyumba zosanjikizana, mabanki a magalasi okhaokha, amuna a masuti ndi mataye, amayi a nsapato za gogoda, onse ali pa liwiro ngati athawa mvula. Ndinayamba kuwerenga nyumba ina kuti inasanja kangati, khosi lili chagada, kufikira ndinagunda lichero la amayi ena ogulitsa nthochi. "Iwe mwana iwe, maso ali kumwamba ngati wofuna njuchi!" anatero amayiwo, ndipo ndinapepesa ndi kutola nthochi ziwiri zimene zinagwa. Anzanga anagula tchipisi. Ine ndinagulako pang'ono, koma chinangwa cha amayi anga ndinachisiya m'chikwama, pakuti ndinachita nacho manyazi. Mumtima ndinati: mzinda uno ngwa anthu a mataye, munthu wa matope alibe nawo gawo.

Dzuwa litapendeka tinali titatopa, ndipo awiri a ife anafuna kungopita ku Wenela kukakwera galimoto. Koma mtsogoleri wathu anati, "Patsala malo amodzi, ndipo ali pafupi ndi depoti pomwepo. Mukabwerera osaona pa Mishoni, musadzanene kuti munafika ku Blantyre." Tinadutsa pa Clock Tower, tinakwera pang'ono msewu wa ku Chileka, ndipo tinalowa pa chipata. Mwadzidzidzi phokoso lonse linatsalira kunja. Pakati pa mitengo panaima tchalitchi cha St Michael and All Angels, chofiira, cha nsanja ziwiri kumaso, ndi denga loulungika pamwamba ngati mphika wovundikira.

Pa mthunzi panakhala agogo ena a imvi, amene anaoneka kuti ngapomwepo. Tinavula zipewa ndi kuwapatsa moni. "Mwachokera kuti, ana inu?" anafunsa. Titawayankha, ananyamuka ndi ndodo yawo nayamba kutizunguliritsa nyumbayo. Anatiuza kuti mzinda wonse unayambira pamenepa m'chaka cha 1876, pamene amishoni a ku Scotland anakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni, natcha malowo Blantyre pokumbukira mudzi umene David Livingstone anabadwira. Tchalitchicho anayamba kuchimanga mu 1888, nachipatula pa 10 May 1891. Amene anatsogolera ntchito anali mbusa David Clement Scott, yemweyo amene analemba buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja. Mbusayo sanaphunzire za umisiri wa nyumba, ndipo panalibe pulani yojambuliratu monga achitira masiku ano. Iye ndi antchito ake ankayamba ayesa kusanja njerwa popanda matope, ndipo akaona kuti zakhala bwino, ndi pamene ankamanga.

Pamenepo agogo aja anagogoda khoma ndi ndodo nati, "Kodi muyesa njerwazi zinabwera pa sitima kuchokera ku Ulaya? Iyayi. Dothi lake ndi la konkuno, nkhuni zootchera za konkuno, ndipo oumba ndi omanga anali anthu akuda ngati inu ndi ine, amene anali asanamangepo nyumba yotere. Akuti mitundu ya njerwa m'nyumba imeneyi ikwana 81. Tayang'anani."

Ndinayang'ana. Anzanga anali kuona tchalitchi, koma ine ndinaona njerwa. Zina zinali zoulungika m'mbali, zina zosongoka, zina zokhota zopangira mphuthu za mazenera, zina zokhala ndi maluwa. Ndinaika chikhato changa pa khoma, ndipo linali lofunda ndi dzuwa monga zimafundira njerwa za bambo anga pa bwalo la kwathu. Njerwa iliyonse ya pamenepo munthu anaipondera dothi ndi mapazi, naitulutsa m'chikombole ndi manja, naichezera usiku pa uvuni. Papita zaka zoposa 130, ndipo ntchito yawo ikali chiimire, alendo a kutali akumadzaijambula.

"Ndani mwa inu anagwirapo chikombole?" anafunsa agogo aja.

Tonse tinali chete. Mtima wanga unagunda ngati ng'oma, ndipo pakamwa panauma. Kenaka ndinamva mawu anga akuti, "Ine, agogo. Bambo anga amaumba njerwa. Pa tchuthi ndimawathandiza kuyanika ndi kusanja."

"Eya! Ndiye kuti ndiwe mwana wa mmisiri," anatero agogowo. "Tawauza anzakowa, n'chifukwa chiyani njerwa iyi ili yoderako kuposa inzake?"

Ndinayankha kuti imeneyo inakhala pafupi ndi khomo la moto mu uvuni, ndi kuti njerwa yopsa bwino ukaigogoda imalira ngati chitsulo, pamene yosapsa imalira mogontha ndipo sichedwa kufumbutuka ndi mvula. Agogo anagwedeza mutu. Anzanga anandiyang'ana ngati andiona koyamba, ndipo mtsogoleri wathu anayamba kundifunsa mafunso ena. Tsiku lonse ine ndinali wogwiridwa dzanja, koma pa khoma limenelo ndinasanduka mphunzitsi. Tisanachoke ndinatulutsa kope langa ndi kujambulamo mitundu isanu ndi umodzi ya njerwazo.

Tili m'minibasi pobwerera, wanthabwala uja anakhala pambali panga osalankhula kufikira pa Chigumula. Pamenepo anati motsitsa mawu, "Achimwene, m'mawa muja ndinalankhula ngati chitsiru. Bwanji simunandidzudzule?" Ndinamuyankha kuti chitsiru chachikulu chinali ine, pakuti iye anaseka anthu osawadziwa, koma ine ndinaseka bambo anga ondibala. Ndinatsegula chikwama ndi kutulutsa chinangwa cha amayi, ndipo tinadya tonse anayi osasiyako.

Ndinafika kwathu kutada. M'mawa mwake ndinapeza bambo ali pa dzenje la dothi, ndipo ndinawaonetsa kope lija. Za mabanki ndi za nyumba zosanja anangomva ndi khutu limodzi, koma ataona njerwazo anasamba m'manja, nakhala pansi, nayang'ana nthawi yaitali. "Iyi chikombole chake anachita kusema pa mtengo," anatero, akuloza ya maluwa. "Ndipo dothi lake analisefa ndi kuliponda kawiri, apo ayi maluwawa akanasweka potulutsa. Awa anali anthu odekha." Iwo amene sanaione nyumbayo anaidziwa kuposa ine amene ndinaigwira ndi manja. Pamenepo ndinawauza zonse, ndi za bodza langa lomwe. Sanakalipe. Anangoti, "Matope amachoka ndi madzi, mwananga. Bwera undigwirire chikombolechi."

Bambo amadandaula kuti nkhuni zootchera njerwa zikusowa, ndipo nane ndinaona ndi maso anga m'mene phiri la Ndirande linametedwera mitengo. Kapena m'tsogolo muno tidzamanga ndi njerwa za mtundu wina zosalira moto. Chifukwa chake ndatsimikiza mtima kulimbikira masamu ndi sayansi, kuti ngati mayeso adzandikomera, ndikaphunzire za kamangidwe ka nyumba pa sukulu ija tinaidutsa pafupi ndi Kwinzi. Koma ndisanatero ndili ndi ngongole ina: ndayamba kusunga tindalama kuti pa tchuthi chikudzachi ndidzatenge bambo anga kupita nawo ku Blantyre masana, akaone okha khoma lija.

Tsono anzanga, mukapeza mwayi wopita ku Kabula, pitani ndithu, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kaoneni magalasi ndi nyumba zosanja monga ndinachitira ine. Koma mukakwerenso pa Mishoni, mukaike dzanja pa khoma, ndi kudzifunsa kuti anaumba njerwayo ndani. Ndipo kwa inu a m'kalasi mwanga amene ndinakunamizani zaka zitatu, ndalemba izi kuti mudziwe: bambo anga si kontilakita. Amaumba njerwa, ndipo amaumba zabwino.

Wophunzira wa Fomu 3