Nyenyezi zobwereka pa tiyi wa ku Thyolo

Pali chithunzi chimene chazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, ati ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo usiku. Tiyi ali biriwiri ngati masana, mwezi wathunthu uli ngwee, ndipo pambali pake mlalang'amba ukuwala ngati aupaka laimu. Anthu akungoombera m'manja, eti Malawi wathu ndi wokongola. Kukongolako sindikutsutsa, koma chithunzicho ndi chabodza, ndipo theka lake lam'munsi ndi langa.

Ndidachijambula m'mawa, mwezi wa February, pa msewu wochoka pa boma kulowera ku Makwasa. Wina adadula thambo langa la mitambo n'kumatapo lake, dzina langa pakona n'kufufuta. Mudalinso mayi wothyola tiyi, dengu kumsana. Nayenso adamufufuta, poti ndani amathyola tiyi pakati pa usiku?

Bodza lotere silifuna digiri kuti uligwire. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti usiku wa mwezi, uja timachezera panja, nyenyezi zimachepa. Mwezi wathunthu umaphimba mlalang'amba, ziwirizi siziwalira limodzi chonchija. Ndidaonaponso china, ati ndi cha ku Thyolo komweko, nyenyezi zitalemba mizere yozungulira nyenyezi imodzi yowala. Imeneyo ndi Polaris, ya anthu a ku Ulaya. Thyolo ali pafupifupi madigiri 16 kum'mwera kwa equator, choncho Polaris satuluka kuno ngakhale mutakwera pa Sapitwa. Ife tili ndi Southern Cross, ndipo pamene thambo lathu limazungulirapo palibe nyenyezi yowala.

Chithunzi chenicheni cha usiku ndi thukuta, abale. Umadikira June, July kapena August, pamene mlalang'amba umakhala pamutu penipeni madzulo, komanso mwezi ukhale utapita kumdima. Uyambe wapempha chilolezo kwa eni esiteti, apo ayi alonda akuyesa wakuba nkhuni. Kamera uyiimike pa miyendo yake itatu, uyitsekule masekondi 20 osaigwedeza. Ukapitiriza kwambiri nyenyezi zimasanduka timizere. Galimoto ikangodutsa ndi nyali zake, yambiranso. Ndiye pali chiperoni: wakonza zonse, zala zauma ndi kuzizira, nkhungu ija yangoti fwaa, basi bwerera ukagone. Zikatheka, tiyi amatuluka wakuda bii, mitengo ngati zithunzithunzi. Wogula akachiika pambali pa chabodza chija amati chako n'chosawala, tsitsa mtengo. Apa ndiye pamandiwawa.

Matendawa si a kuno kokha. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany adapambana pa mpikisano wa Sony World Photography Awards ndi chithunzi chopangidwa ndi kompyuta, koma iye adakana mphothoyo n'kuulula yekha poyera. Wosakaniza zithunzi sindimuda, ndi luso nalonso. Angonena kuti wasakaniza, ndipo asakanize zake.

Tsono mwezi wathawu ndidachipeza chithunzi chija pa kalendala ya kampani ina ya ku Limbe. Nditapita, bwana wake adandilandira bwino ndithu, mpaka tiyi. "Achimwene, ifetu tidangochitola pa intaneti," adatero. Kutola! Ngati bowa.

Ambirife timaganiza kuti COSOMA ndi ya oyimba okha. Ayi. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la Copyright la 1989, lomwe lidalowedwa m'malo ndi la 2016, ndipo zithunzi zili momwemo. Malawi adalowanso m'pangano la Berne mu 1991, limene limati umwini wa ntchito yotere suyembekezera kuti ukalembetse kaye. Kuika chithunzi pa Facebook si kuchipereka kwa aliyense, monganso kuyanika malaya pa chingwe si kuwataya.

Ndidawafotokozera zonsezi bwanawo. Adaseka, nati ndibweretse umboni woti chithunzicho n'changa. Umboni ulipo: kadi ya m'kamera idasunga chithunzi choyambacho, tsiku lake, ola lake, mitambo yake, ndi mayi uja ali chithyolere tiyi. Lolemba ndikukawaonetsa. Akakanabe, ndalama ya basi ya ku Lilongwe, komwe kuli likulu la COSOMA, ndayamba kale kusunga.