Maloko Awiri pa Chitseko cha Achemwali

Patatha sabata ziwiri titaika maliro a achemwali athu ku Ntcheu, tinapita ku Ndirande kukatenga katundu m'nyumba imene ankachita lendi. Tinali awiri obadwa nawo bere limodzi, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 14. Pachitseko tinapeza maloko awiri, pomwe kiyi tinali naye mmodzi.

Eni nyumba, mayi achikulire, anatilonjera. "Pepani ndi zovutazi, ana anga. Malemu anasiya ngongole ya miyezi iwiri."

Mitima inatiwawa. Misozi isanaume, munthu n'kumakamba za ndalama? Koma mayiwo anali asanamalize. Mawa lake la maliro, anatero, kunabwera anthu ndi lole, akuti ndi akuchimuna, kufuna firiji ndi makina osokera. Iwo anawabweza, n'kukagula loko wina.

"Ndinati zinthuzi mwini wake ndi mwanayu," anatero.

Tinachita manyazi. Amene tinkawayesa ouma mtima ndiwo anasunga chuma cha mwana wamasiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, koma tsiku limenelo analitsata ndi mayi ogulitsa makala.

Tinaitana amfumu a m'deralo kuti akhale mboni. Tinatsekula mawindo kuti mudutse mphepo, tinataya zakudya zoonongeka, kenaka tinalemba chilichonse m'kope, kuyambira bedi mpaka chipande, ndipo tonse tinasayina. Chitupa cha unzika, khadi la kubanki ndi kalata ya kubadwa kwa mwanayo tinaziika padera, poti zikafunika ku ofesi ya DC. Mapilisi otsala a BP tinaganiza zokapatsa amalume, amenenso amadwala matendawa, koma tinaleka. Mankhwala amalembedwa molingana ndi thupi la wodwalayo, choncho tinakawasiya kuchipatala. Lendi tinalipira ndi chipepeso chotsala.

Chovuta sichinali kunyamula. Pa makina osokera panali yunifomu ya sukulu, singano ikadali m'nsalu, mkono umodzi usanalumikizidwe. Mwanayo anaigwira osayankhula. Sitinamufulumizitse, ngakhale woyendetsa lole ankaliza hutala panja.

"Amalume, makinawa musagulitse," anatero pomaliza.

Sitinagulitse. Pobweza makiyi, mayi aja anachotsa loko wawo n'kumuika m'manja mwa mwanayo: "Uzikakhomera sutikesi yako."