Uthenga wa pa foni ndiyo mboni yathu

Ife ndife alimi a ku Assumane, pafupi ndi mzinda wa Lichinga. Timalima cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Metikali itabwera mu 1980, makolo athu ankaimanga pa nsalu. Lero ndalama zambiri zimayenda pa foni. Mu 2011 kunabwera mKesh, mu 2013 M-Pesa, pambuyo pake e-Mola. Ndalama zoterezi sizigwirika ndi manja. Zimaoneka m'malemba ndi m'manambala basi.

Mu 2023 mabanja 10 tinasonkha mametikali 12,000 oti tigulire feteleza. Mwana wina anatipezera wogulitsa wa ku Cuamba pa intaneti. Tinapangana mtengo. Msungicuma wathu, bambo wacikulire, anapita kwa ajenti kukaika ndalamazo m'foni mwake, nazitumiza.

Madzulo wogulitsa uja anaimba. Anati sanalandire kanthu.

M'mawa tinasonkhana pansi pa mtengo. Mitima inali itatentha. Wina anati wogulitsayo ndi wakuba. Wina anati ajenti watibera. Mnyamata wina anaimirira nati, "Bambo, ngati mwadya ndalamazo, ingonenani." Msungicuma anawerama osayankha. Munthu amene watisungira cuma zaka zambiri anasanduka mbala tsiku limodzi.

Pamenepo mayi wina wa m'kalasi yathu ya akulu anati, "Bambo, tabweretsani foniyo tione." Anatsegula uthenga umene umabwera munthu akatumiza ndalama. Anawerenga pang'onopang'ono, akuloza ndi cala. Tsiku linalipo. Nthawi inalipo. Ndalama zinali 12,000 ndithu. Koma dzina la wolandira silinali la wogulitsa. Tinayerekeza nambala ya mu uthenga ndi imene tinalemba m'kope. Pamene panayenera kukhala 8, bambo aja anadina 3.

Palibe anaba. Cala cinaphonya. Mnyamata uja anagwada napepesa.

Tinathamangira kwa ajenti. Iye anati, "Ine nchito yanga ndi kuika ndi kutapa ndalama. Kubweza ndi kwa kampani." Tinaimbira kampaniyo pa nambala yothandizira makasitomala. Anatifunsa dzina la mwini foni, tsiku, nthawi, kuculuka kwa ndalama, nambala yolakwika ija, ndi cizindikiro ca malemba ndi manambala cimene cili mu uthenga. Zonse tinawerenga. Anatipatsa nambala ya dandaulo lathu, ndipo tinailemba m'kope. Anatiuzanso kuti kubweza kumavuta ngati wolandirayo watapa kale.

Tsiku lacitatu munthu wina anaimba. Analankhula mwaulemu kwambiri. Anati ndi wa ku kampani, ndipo kuti ndalama zibwere tim'uze PIN. Tinam'funsa nambala ya dandaulo lathu. Anadula foni. PIN ndi kiyi wa nkhokwe. Kampani yeniyeni siipempha.

Sabata itatha tinapita ku ofesi ya kampaniyo ku Lichinga. Tinatenga kope, foni ndi ciphaso ca msungicuma. Tinalemba dandaulo pa pepala, ndipo tinapempha kuti atidindire pepala lina loti tisunge. Sitinapite ngati opemphetsa. Aphunzitsi athu anali atatiuza kuti lamulo nambala 22 la 2009 limateteza ogula. Anatiuzanso kuti makampani a ndalama za pa foni amayang'aniridwa ndi Banco de Moçambique. Kampani ikalephera kuyankha, munthu angathe kukadandaula kumeneko.

Ife sitinafike kumeneko. Patapita masiku ena, ndalama 10,500 zinabwerera. Wolandira uja anali atatapako 1,500, ndipo zimenezo sitinazionenso. Tinasonkhanso kuti tikwanitse. Feteleza anafika mocedwa, mvula itayamba kale. Komabe tinathira, ndipo tinakolola.

Kuyambira pamenepo gulu lathu lili ndi malamulo ake. Potumiza ndalama timakhala awiri: wina amadina, wina amawerenga. Tisanaike PIN timawerenga nambala kawiri, ndi dzina likaoneka. Kwa wogulitsa wosam'dziwa timayamba tatumiza zocepa. Uthenga sitifafaniza, ndipo timaukopera m'kope tsiku lomwelo, pakuti foni imatayika.

Mu 1978 dziko lathu linayamba kampeni yaikulu yophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga. Ena mwa ife tinkati zimenezo n'zakale, mlimi safuna cilembo. Koma mizere inayi ya pa foni ndiyo inayeretsa dzina la bambo wathu ndi kubweza thukuta lathu. Tsopano msungicuma amakhala pa benci lakutsogolo m'kalasi. Akalemba 3 ndi 8, amazisiyanitsa bwino.

Mafunso

1. Kodi ndalama za gulu zinasocera bwanji?
2. Kodi kampani inafunsa zinthu ziti?
3. Nanga inu, mumasunga kuti mauthenga a ndalama zanu?