Ndinalipira Zaka 5 Ndisanafunse Funso Limodzi

Ku Chibavi anayamba kunditchula kuti "a loya" ndisanalembe ngakhale mayeso oyamba, ndipo ine sindinkakana. Kulakwa kwanga kunayambira pamenepo. Ndinali mphunzitsi wa kusekondale, bambo wa ana atatu, ndipo mumtima ndinkati malamulo ndi amene adzandichotse pa choko.

Zopita ku Zomba, ku Chancellor College komwe maloya ambiri a dziko lino anasulidwira, sizikanatheka. Ndikasiya ntchito, ana adya chiyani? Choncho nditamva za maphunziro a malamulo ochita munthu uli pantchito, a madzulo ndi Loweruka, ndinathamanga kukalipira. Ndinangoona kuti kalata yondiitana ili ndi chidindo, mtima n'kukhala pansi.

Zaka 5 ndinkaweruka kusukulu n'kukwera kabaza, mvula yowaza ya ku Mzuzu kuno ili pamsana, mabuku ndakulunga mujumbo. Magetsi akazima ndinkawerenga milandu ndi tochi ya foni. Fizi inayamba ndi ngongole yodula kumalipiro, kenako katapila. Pamapeto tinagulitsa puloti yathu ya ku Mchengautuwa, njerwa titaotcha kale. Tsiku limenelo mayi a kunyumba anandifunsa modekha kuti, "Bambo a ana, kodi mwafufuza kuti mukamaliza adzakulandirani kukhoti?" Ndinawakalipira kuti za sukulu sazidziwa. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero kuposa ndalama zonse zinapita zija.

Funso lawo ndi lomwe ndinakumana nalo nditatenga pepala. Kuno kwathu digiri payokha sikupatsa munthu mwinjiro. Iyenera kukhala yochokera kusukulu imene Malawi Council of Legal Education imaivomereza. Kwa anthu a njira ngati yangayi pamabweranso maphunziro ndi mayeso a ku Malawi Institute of Legal Education, kenako pempho kwa mkulu wa makhoti kuti akulowetse m'kaundula wa maloya, ndiye chiphaso chogwirira ntchito. Langa pepala linakanika pakhomo loyamba lenilenilo. Panalibe wondibisira. Ndikanalemba kalata imodzi yokha ndisanalipire, akanandiuza.

Ndinakhala miyezi ndikulambalala msewu wa ku High Court. Achibale ankabwerabe ndi milandu ya malo ndi ya chuma cha masiye, ine n'kumanamizira kutanganidwa. Kamodzi ndinatsala pang'ono kulandira ndalama kwa mayi wina kuti ndikamuimire, ndikudziwa kuti kutero popanda chiphaso ndi mlandu. Ndinam'perekeza ku ofesi ya Legal Aid Bureau, ndipo panjira ndinamuuza zoona. Anali munthu woyamba kumva pakamwa panga kuti sindine loya.

Sindikunyoza kuphunzira uli pantchito, ayi. Anzanga amene anali kale apolisi, akalaliki a kukhoti kapena oyang'anira antchito m'makampani, maphunzirowa anawathandiza pomwe analipo kale, chifukwa sankafuna mwinjiro. Amene tinapwetekeka ndife tinkafuna kusintha ntchito. Kuonjezera apo, maofesi a maloya ku Mzuzu ndi ochepa poyerekeza ndi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo munthu wophunzira usiku alibe nthawi yokazolowera ntchito kapena kudziwana ndi omwe angadzamulembe.

Lero ndimagwira ntchito ya paralegal, yonga imene a bungwe la PASI akhala akugwira m'ndende za dziko lino. Ndimafotokozera anthu a pa rimandi za belo, komanso kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ndi ntchito yabwino ndipo ndimaikonda, koma sinkafunika kugulitsa puloti. Tikadali m'nyumba ya lendi.

Inu aphunzitsi anzanga, anamwino ndi nonse amene mwagwira fomu m'manja, musanalipire tambala lemberani a Council aja ndi a bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, muwafunse ngati digiri imeneyo ingakufikitseni pa uloya, ndipo yankho alembe pakalata. Mukalandira, kawerengeni pamodzi ndi akunyumba kwanu.