Akagwa padenga, alipira ndani?

Ndidakhoma madenga ku Cape Town kwa zaka 11. Zisanu zoyambirira ndinkagwirira anthu ena, kunyamula malata n'kumadikira Lachisanu kuti ndilandire yanga. Kenako ndidalembetsa kakampani kanga, ndidagula kagalimoto kakale konyamulira katundu, n'kuyamba kutenga ntchito kwa makontilakita akuluakulu. Iwo amapata ntchito yomanga nyumba yonse n'kumatigawira ife ang'onoang'ono: uyu njerwa, uyu mapaipi, uyu magetsi, ine denga. Ndidali ndi anyamata anayi, onse akumudzi, mmodzi mwa iwo mwana wa achemwali anga.

Tsiku lomwe tidapita kukayamba ntchito yathu yoyamba yaikulu ku Durbanville, makwerero sitidawatsitse n'komwe m'galimoto. Pageti padali mayi wina wachipewa choyera, woona zachitetezo, yemwe adandifunsa fayilo. Ndidatulutsa foni kuti ndimuonetse zithunzi za madenga omwe ndidakhoma. Sadaziyang'ane. Iye ankafuna kalata yachipatala ya mnyamata aliyense yotsimikiza kuti angathe kugwira ntchito pamwamba, ndondomeko yolembedwa ya momwe tidzitetezere kuti tisagwe, komanso chikalata chomwe amachitcha Letter of Good Standing. Tidabwerera ku Dunoon, komwe tinkakhala, dzuwa lisadafike pamutu. Njira yonse ndinkang'ung'udza kuti awa ndi machenjera otsekereza ife obwera, kuti ntchito zonona zizipita kwa eni dziko.

Kalata imeneyi imachokera ku Compensation Fund, thumba lomwe limayendetsedwa ndi lamulo la m'chaka cha 1993 lomwe aliyense pantchito yomanga amangoliti COIDA. Ena a zomangamanga amalembetsa ku FEM, bungwe lomwe lidaloledwa kugwira ntchito yomweyo. Wolemba anthu ntchito amanena chaka ndi chaka kuti walipira antchito ake ndalama zingati, ndipo amamuwerengera yoti asonkhe potengera malipirowo ndi kuopsa kwa ntchitoyo. Ndalamayo imachoka m'thumba la bwana. Lamulo silimulola kuidula pamalipiro a wantchito. Ukasonkha amakupatsa kalata ija, ndipo imakhala ndi tsiku lothera. Ndidalembetsa chifukwa padalibe kuchitira mwina. Koma pofika polemba malipiro a anyamata, ndidachita zomwe mnzanga wina adandinong'oneza: ndidalemba pafupifupi theka la zomwe ndinkawapatsa, kuti yosonkha ichepe. Ndinkawalipira pamanja, ndiye ndidati adzadziwa ndani.

Phunziro loyamba lidabwera ndi mphepo. Amene adakhalako ku Cape Town akuidziwa south-easter ya m'chilimwe, ija imakulanda chipewa uli pansi. Tsiku lina mu Disembala idanyamula lata la IBR la mamita 6 lomwe tidali tisadalikhome, n'kukalitaya kuseri kwa mpanda, pagalimoto ya munthu woyandikana ndi malowo. Mwayi wake munalibe munthu m'galimotomo. Ndidapita kwa kontilakita wamkulu mtima uli m'malo, chifukwa ndinkamva kuti ali ndi inshuwalansi yotchedwa Contractors All Risks, ndipo kwa ine dzinalo linkatanthauza kuti chilichonse chogwa pamalopo n'chake.

Bamboyo sadakalipe. Adangotsegula kontirakiti yomwe ndidasaina, n'kuloza ndi cholembera tsamba lomwe ndidalidumpha. Pamenepo ndidali nditavomera kuti ndidzakhala ndi inshuwalansi yangayanga ya public liability, yolipira munthu wapadera yemwe wavulala kapena kuonongekeredwa katundu chifukwa cha ntchito yanga. Palibe adandifunsa umboni wake pageti, ndiye ine ndidaiyesa mawu ongodzazira pepala. Adandifotokozera kuti yake ija kwenikweni imateteza nyumba yomwe ikumangidwayo ndi zipangizo zake ku moto, namondwe kapena akuba. Sikonza denga lomwe mmisiri walikhoma mokhota, ndipo siilipira mnyamata wanga akathyoka. Ngakhale pomwe yalipira, pamakhala ndalama yoyamba, yomwe amati excess, imene imagwera wopalamula. Yokonzetsera galimoto ija adaidula pa ndalama zanga zomwe ankasunga mpaka ntchito ithe. Khirisimasi imeneyo sindidatumize kanthu kumudzi.

Kuyambira pamenepo ndidayamba kusiyanitsa zinthu zitatu zomwe ndinkaziika m'thumba limodzi: ya nyumba, ya anthu apadera, ndi ya anyamata anga. Ya anthu apadera ndidaigula mwezi wotsatira. Bodza la malipiro lija ndidalisiya momwemo.

Patapita zaka ziwiri, mu Juni, nyengo yomwe ku Cape kumagwa mvula ndi kuzizira, tinkasintha malata pa nyumba ina yosungiramo katundu. Madenga otere amakhala ndi malata ena apulasitiki olowetsa kuwala, ndipo akakalamba n'kuda ndi fumbi sungawasiyanitse msanga ndi achitsulo. Mwana wa achemwali uja adamasula lamba wodzimangirira kuti afikire bokosi la masikuluwu, n'kuponda limodzi mwa malatawo. Sindidamuone akugwa. Ndidangomva kuthetheka, ndipo pocheuka padali bowo pomwe padali munthu. Pansi padali simenti. Adathyoka chiuno ndi dzanja lamanja.

Kuchipatala, funso loyamba la wolandira odwala lidali lakuti wavulalira pantchito kapena ayi, ndipo bwana wake adalembetsa kapena ayi. Ndidatulutsa kalata ija, yomwe ndidali nditaitukwana kangapo konse, ndipo mnyamata adalandiridwa popanda wondifunsa kuti ndilipira bwanji. Usiku womwewo achemwali adaimba pa WhatsApp. Sadalire. Adangoti: "Achimwene, mwana ameneyo ndidakupatsani akuyenda ndi miyendo yake." Ndidawauza kuti zonse zili m'manja mwa madokotala ndipo lamulo limuteteza. Chachiwiricho ndidachinena lilime likulemera.

Lamulo limapatsa bwana masiku 7 kuti anene za ngozi, pa fomu yotchedwa W.Cl.2. Fomuyo ili ndi mzere wofunsa malipiro a wovulalayo. Mzere umenewo ndidakhala nawo mausiku atatu. Munthu yemwe sangathe kugwira ntchito kwa kanthawi amalandira magawo 75 pa 100 alionse a malipiro ake, ndipo miyezi itatu yoyamba bwana ndiye amamupatsa n'kukaitanitsa pambuyo pake. Akalumala, chipukuta misozi chimawerengedwanso kuchokera pa malipiro omwewo. Komanso lamulo lomweli limamuletsa wantchito kusumira bwana wake kukhoti chifukwa cha ngoziyo. Zomwe thumba lamupatsa ndi zomwezo. Ndikadalemba theka lija kuti mapepala anga agwirizane, mnyamata akadalandira magawo 75 a bodza langa, mwina kwa zaka, popanda kwina kokadandaula. Ndikadalemba zoona, ndidali ndikudziulula ndekha kuti kwa zaka ndakhala ndikusonkha moperewera.

Sindikufuna kudzikometsa. Usiku woyamba ndidaganiza zolemba theka n'kumamuonjezera pamanja, ngati malume wabwino. Chidandibweza n'chakuti ndidadzifunsa kuti ndikadzagwa ineyo mawa, kapena ntchito zikadzasowa, womuonjezerayo adzakhala ndani. Tsiku lachinayi ndidapita kukamuona. Adali atagona chagada, zitsulo zili m'chiuno, ndipo chomwe adandifunsa n'chakuti: "Amalume, denga lija mwamaliza?" Madzulo ake ndidalemba malipiro enieni, ndipo ndidapeza munthu wodziwa za mabuku kuti akonze zomwe ndidanena zaka zam'mbuyo. Ngongole yomwe idatuluka ndidailipira pang'onopang'ono, ndipo kagalimoto kaja kadapita.

Sindinganene kuti ndalama za thumbalo zidabwera msanga. Tidayenda maulendo, tidaimba mafoni, mapepala ena tidapereka kawiri. Koma zidabwera, ndipo madokotala sadatilondole ndi mabilu.

M'kati mwa zonsezi ndi momwe ndidamvetsera chifukwa chomwe mayi wapageti uja adatibwezera. Malamulo a zomangamanga a m'chaka cha 2014 amalamula kontilakita wamkulu kuti atsimikize, ntchito isadayambe, kuti wamng'ono aliyense adalembetsa ndipo alibe ngongole ku thumbalo. Ndipo gawo 89 la COIDA limati wamng'ono akapanda kulembetsa kapena kusonkha, antchito ake amawerengedwa ngati a wamkuluyo. Iye ndiye amalipira, kenako n'kumulondola wamng'onoyo kuti abweze. Choncho mayiyo sankadana nane, komanso sankandikonda. Ankateteza thumba la abwana ake. Kungoti poteteza thumbalo adatetezanso chiuno cha mwana wa ku Ntcheu yemwe sankamudziwa ngakhale dzina.

Pali china chomwe abale athu ku Joni sakonda kuchikamba. Ndaonapo anthu akulowa pageti ndi kalata yobwereka ya kampani ya mnzawo, ndipo ndaonapo anyamata akugwira ntchito ndi dzina la munthu wina. Zimayenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe wina wagwa. Pamenepo mwini kalata amati sakumudziwa, ndipo dzina lomwe lili m'buku si la munthu yemwe wagona pabediyo. Nyumba itagwa ku George pa 6 Meyi 2024 n'kupha anthu 34, ena mwa iwo Amalawi, ine ndidali nditabwerera kale kumudzi. Ndikumvera nkhaniyo pawailesi, chomwe chinkazungulira m'mutu mwanga chidali chimodzi: aliyense wa iwowo adalembedwa m'buku la ndani, ndi dzina liti, ndi malipiro anji?

Kuno kwathu lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito liliko, la m'chaka cha 2000, ndipo limaika udindo pa wolemba ntchito. Koma nyumba zambiri m'matauni ndi m'midzi mwathu timamanga pongogwirizana pakamwa. Mwini nyumba amapangana ndi mmisiri, mmisiri amaitana kalipentala, kalipentala amatenga anyamata awiri aganyu pamsika, ndipo palibe amalemba dzina la mnzake paliponse.

Chaka chatha ndinkafolera nyumba yanga. Mawondo adayamba kundikana, choncho ndidaitana kalipentala wa m'dera lathu, munthu waluso ndithu. Adabwera ndi anyamata awiri, wina atavala masilipasi, ndipo posakhalitsa onse adali pamwamba akuyenda pa matabwa ngati pamsewu. Mwana wa achemwali uja adali nane pansi. Masiku ano amagulitsa zipangizo zomangira pa Ntcheu boma, ndipo kukazizira amatsimphina. Ndidamuitana kalipentalayo kuti atsike kaye, n'kumufunsa kuti mmodzi wa anyamatawo akagwa alipira ndani.

Adandiyang'ana ngati ndamulodza. "Bwana, mukutifunira zoipa?"

Ndidalowa m'nyumba n'kutenga kope ndi cholembera. Ndidalemba mayina atatu, midzi yawo, mafumu awo, ndi ndalama yomwe aliyense ankalandira patsiku. Wamasilipasi uja ndidamubwereka nsapato zanga zakale za ku Cape Town. Zidamukulira, ndiye adaikamo nyuzipepala kutsogolo n'kukweranso.